Tsiku Limene Mayi Ashura Anasita Wetisuti

Mayi Ashura anachoka ku Balaka kudzaona mwana wawo Sumaya, yemwe ankaphunzira za unamwino ku College Park, kutsidya kwa nyanja, koma anapeza nyumba yosafuna manja a munthu. Mbale ankatsuka ndi makina, zovala makina, ngakhale chitseko chapansi chinkadzitsekukira chokha. Mzimayi wozolowera kudzuka ndi tsache m'manja n'kumangokhala ndwii pampando tsiku lonse ngati mlendo wa paukwati! Zinkawapweteka mumtima, ngakhale sankanena.

Sumayayo anali atalowerera masewera opalasa timabwato ta munthu mmodzi pamathithi a mtsinje wa Potomac, ndipo Loweruka linali tsiku la mpikisano wake woyamba. Lachisanu m'mawa anabwera kuchokera kokayeserera, mano akugundana ndi chisanu cha mu Febuluwale, koma nkhope ili mwee.

"Amayi, mawa mukaona nokha! Lero sindinagubuduke olo kamodzi!"

Anatulutsa m'chikwama wetisuti yake, chovala chakuda champhira chomata thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka mu akakolo. Anaitsukuluza, n'kuitembenuza kunja kukhala mkati, n'kuipachika m'bafa, n'kuyatsa fani. M'nsapato zam'madzi anafwatikamo manyuzipepala.

"Iuma yokha, Amayi, musavutike nayo. Popanda imeneyi sandilola kulowa m'madzi, kuzizira kwake n'kwakupha." Anatero akuthamangira basi ya kusukulu.

Mayi Ashura anasuzumira m'bafamo, n'kuyang'ana pawindo. Dzuwa linali phwee! Iwe, chovala cha mpikisano chiumire m'chimbudzi dzuwa lili kunja chonchi? Ana a masiku ano sukulu yawachotsa nzeru. Ananyamula chinthucho n'kukachiyanika pakhonde lam'mwamba, mtima uli myaa kuti lero apeza ntchito.

Atapemphera swala ya masana anatuluka kukaanula. Subhanallah! Wetisuti inali itauma ndithu, koma kuuma kwa mtundu wina. Madzi ake anali ataundana ndi chisanu, ili gwa, manja tambalale, ngati munthu wopanda mutu wafera chiimire. Anaigogoda ndi chala, n'kumalira ngati thabwa. Anaseka okha mpaka misozi, kenako n'kuilowetsa m'nyumba chopingasa monga alowetsera chitseko.

Itamva kutentha kwa m'nyumba inayamba kudontha, n'kubwerera pomwe inali m'mawa, chinyezi chokhachokha. Mayi sanade nkhawa. Nanga simbi ntchito yake n'chiyani? Komanso kwathu chovala chogona pachingwe panja sichivalidwa chosasita, ntchentche zimaikiramo mazira, mawa lake mphutsi zili m'khungu. Zoti m'chisanu chotere mulibe ntchentche ngakhale imodzi, zimenezo sizinawafike m'mutu. Anayala bulangete patebulo, simbi n'kupsa bwinobwino, n'kuyamba ndi mkono wamanja.

Tswii! Utsi, ndi fungo la tayala lopsa. Ponyamula simbi, mphira unatsatira ngati ulimbo, ndipo pamkonopo panatsala chibowo chonga simbiyo. Anakhala pansi wetisuti ili pamiyendo, osadziwa kuti ayambire pati.

Sumaya anawapeza ali chomwecho. Anaona bowo lija n'kugwira pakamwa.

"Amayi! Mwasita? Mwasita wetisuti?"

"Ndimafuna ndikuchitireko kanthu, mwanangu," anatero mayi. "Chibwerereni muno manja angawa alibe ntchito."

Sumaya anali atatsegula kale pakamwa kuti akalipe, koma anameza. Anayang'ana manja aja, omwe ankamuchapira yunifolomu ali kamwana, n'kupumira m'mwamba. Yobwereka sakanaipeza, anzake onse anali mumpikisano womwewo. Anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi guluu womatira mphira ndi kachidutswa kamene anadula pa magulovu akale.

"Ine ndimata, koma guluu yekha pachigongono sagwira, mkono umapindika kwambiri popalasa. Pakufunika kusoka."

"Kusoka?" Mayi anadzuka ngati awaitana dzina. "Bweretsa singano!"

Eee, apo ndiye munawapeza! Guluu atagwira, anasoka timizere tating'onoting'ono toti madzi achite manyazi. Poona kuti chigambacho chikunyansa, anang'amba m'mphepete mwa chitenje chawo chachikasu n'kukutirapo kuzungulira mkono wonse. Kenako wetisuti inabwerera m'bafa momwe muja, fani n'kumaipepesa. Mayi ankangopitako kukaikhudza, ndipo pofika m'mawa inali itauma yofewa bwino.

Kumtsinje kunali anthu, kunali phokoso la madzi loti munthu osamva mnzake. Mayi anaima pathanthwe atavala majekete awiri pamwamba pa diresi, mpango uli kumutu. Opalasa onse anali ofanana: zipewa zolimba, majekete oyandamitsa, manja akuda. Mwana wako ungamudziwe bwanji pamenepo? Kabwato kankatsika, kena n'kutsatira, kena n'kugubuduka anthu n'kukuwa.

Kenako pamwamba pa mathithi panatulukira nkhafi, ndi mkono wachikasu ukukwera n'kutsika.

"Uyo! Uyo wangayo!"

Kabwato kanalowa m'thovu n'kusowa. Mayi anagwira jekete la mzungu amene anaima pambali pawo osamupempha. Chikasu chija chinavuuka, chikupalasabe, chikukhota pakati pa timitengo topachikidwa pamwamba pa madzi, mpaka kumapeto. Nthungululu imene inamveka pamenepo, Potomac sanaimvepo chiyambire. Azungu anatembenuka, ena n'kuyamba kuwomba m'manja osadziwa chomwe akuwombera.

Sumaya sanapambane, anathera pakatikati, koma anatuluka m'madzi akuseka ngati watenga chikho. Mayi anatsetsereka pamiyala, osafunsa n'komwe za nambala. Anagwira mkono uja n'kupisa chala pansi pa chigamba.

"Sanalowe madzi?"

"Olo dontho, Amayi."

"Ndinasoka ine pamenepo," anatero mayi mokweza, akuyang'ana anthu onse amene anali pafupi. Kenako anavula jekete limodzi n'kumufunditsa mwana wawo.