Nkhupakupa pa Tayala Langa

Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, anthu a m'gulu lathu la njinga amamutchula kuti Nkhupakupa. Iye amaganiza kuti akumutama kuti ndi wolimba, ndipo palibe amene anamuwongolapo. Dzinali analipeza chifukwa chiyambireni kupalasa njinga za m'mapiri sanadzipezerepo njira yekha. Amasankha munthu woidziwa bwino njirayo n'kumamatira kumbuyo kwake, maso ali pa tayala la mnzakeyo. Ukakhota nayenso akhota, ukagwira buleki nayenso agwira. Pakatsala pang'ono kufika pamzere womaliza m'pamene amatulukira, mphamvu zake zonse zili zosakhudza, n'kukupitirira akumwetulira.

Munthu ameneyu ndinadana naye chaka chathunthu, ndipo sindichita manyazi kunena.

Pa mpikisano waukulu wa chaka chatha, tayala limene anamatira linali la mkulu wake. Amuna anga anali patsogolo pa onse, iye kumbuyo kwawo, ena onse ali kutali. Pokhota pena m'nkhalango tayala lakutsogolo la amuna anga linaphulika, n'kugwera m'chigwembe cha m'munsi mwa njira. Gulu lathu lili ndi lamulo limodzi limene ngakhale wolowa dzulo amalidziwa: ukapeza mnzako wagwa, umaima, n'kuimba nambala ya foni imene imalembedwa kuseri kwa chikwangwani cha nambala yako. Nthawi imene wataya amakubwezera yonse. Nkhupakupa sanaime. Obwera m'mbuyo sanaone kanthu chifukwa chigwembecho n'chakuya, ndipo amuna anga anagona momwemo maola awiri, fupa la m'chiuno litathyoka.

Atafunsidwa, mlamu wanga anati, "Sindinawaone. Ndinawerama kutenga botolo la madzi, podzuka kulibe. Ine ndimayesa andisiya, ali kutsogolo."

Onse anagwedeza mitu, nkhani n'kutha. Koma ine ndinali pamzere womaliza tsiku limenelo, ndipo ndinamuona akufika manja onse awiri ali m'mwamba. Kodi munthu woganiza kuti mnzake ali patsogolo amakweza manja?

Amuna anga tsopano amayenda ndi ndodo. Njinga sakweranso, amangokonza za anzawo m'garaja yathu kuseri kwa nyumba, mmene mumanunkha girisi ndi labala, matcheni atapachikidwa pamisomali motsatana kukula kwake. Njinga yawo yobiriwira anaipachika kudenga chadodolido, ndipo Lamlungu lililonse amaipopabe matayala. Chimene chinkandinyansa kwambiri n'choti mwezi uliwonse Nkhupakupa ankabwera ndi njinga yake, ndipo mkulu wake ankakhala pakampando, mwendo wopwetekawo atautambasula, n'kumamuwongolera masipoko limodzilimodzi.

"Inu bambo, munthu ameneyu anakusiyani m'dzenje," ndinkatero.

"Akuti sanandione."

"Nanga inu mukuti bwanji?"

"Ine ndikuti undipatsire sipanala yaing'onoyo."

Amati chibale ndi fupa sichiwola. Chabwino, chisawole. Koma ine sindinabadwe nawo mimba imodzi, ndipo ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kumva pakamwa pa mlamu wanga mawu oti anawaona.

Ine ntchito yanga ndi ya utelala. Njinga ndinkakwera mongosangalala, Loweruka, kumbuyo kwa gulu pamodzi ndi amayi anzanga, tikukamba za mitengo ya nsalu ndi za ana athu osamva. Chichitikireni ngoziyo ndinasiya macheza. Ndinayamba kudzuka kusanache, kukwera chitunda cha kuseri kwa matanki a madzi katatu ndisanakatsekule shopu. Masana ndinkapalasa makina osokera miyendo ikunjenjemera, moti mayi wina anandibwezera diresi yake ati mpendero wake ukuyenda ngati woledzera. Amuna anga anakondwa, akuyesa ndikupalasira iwo. Anandisinthira mabuleki, n'kundiikira chishalo chotsika ndi kukwera ukangodina kabatani pa handulo. Anandiphunzitsa kutsetsereka: usayang'ane tayala, yang'ana kumene ukupita, thupi ulikankhire kumbuyo, mantha akakugwira, chala chichoke pa buleki yakutsogolo.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi panalibenso wondiposa potsetsereka m'gulu lonse. Loweruka lina ndinamva kupuma kwa munthu kumbuyo kwanga, ndipo sindinafunike kucheuka.

"Alamu, mwayamba kuuluka masiku ano!" anatero.

"Tikuyesera, alamu. Gwirani bwino."

Nkhupakupa inali itapeza ng'ombe yatsopano.

Chaka chino oyang'anira mpikisano anasintha njira. Anawonjezera chigawo china chimene chimatsetsereka pakati pa zitsamba n'kugawikana pawiri. Kumanja umazungulira bwinobwino. Kumanzere kuli mwala waukulu wosalala umene umathera m'malere, kutalika kwake kufika m'chiuno mwa munthu, ndipo umayenera kuudumpha. Ukadzera kumanja mwalawo suwuona chifukwa cha zitsamba. Pamphambanopo anakhomapo chikwangwani cha mivi itatu yoloza pansi, kutanthauza kuti wosadziwa asayerekeze. Anthu onse anzeru amayamba aiyendera njira yatsopano wapansi, kuona pomwe pali miyala ndi mizu. Mlamu wanga amati zimenezo n'zotayitsa nthawi.

Mwalawo ndinauphunzira ndekha, m'kati mwa sabata. Ndinagwa kasanu ndi kawiri. Bondo langa lakumanzere linachita nkhanambo pamwamba pa nkhanambo, ndipo kunyumba ndinkati ndagunda tebulo lodulira nsalu. Kachisanu ndi chitatu ndinatera ndi matayala onse awiri, ndipo ndinaseka ndekha m'tchiremo ngati wamisala. Koma Loweruka lililonse, Nkhupakupa ali kumbuyo kwanga, ndinkadzera kumanja. Miyezi iwiri yathunthu, kumanja kokhakokha. Pothera ndinkamusiya andipitirire, iye n'kumandisisita paphewa kuti ndisataye mtima, tsiku lina ndidzafika.

Kamodzi kokha anafunsa. "Kodi kumanzereko kuli chiyani, alamu?"

"Kamwala."

"Aa, basi?"

"Basi."

Sindinaname. Ndinangouchepetsa. Ndipo ndinkadziwa zinthu ziwiri za iye zimene aliyense wokwera naye amazidziwa: chishalo chake amachikweza mpaka kumwamba chifukwa amati chotsitsa n'cha amantha, ndipo akadzidzimuka amafinya buleki yakutsogolo ndi dzanja lonse.

Tsiku la mpikisano kunacha kopanda mitambo. Amuna anga anali atapemphedwa kukwera m'galimoto ya chithandizo ndi bokosi lawo la zida, kuti azikonza njinga zowonongeka panjira. Tisananyamuke anayendera njinga yanga, kufinya matayala ndi chala chachikulu, kenako anachita chimodzimodzi pa njinga ya mng'ono wawo. Nkhupakupa anali atavala malaya atsopano achikasu, akujambulitsa ndi aliyense, akuuza anthu kuti chikho chikubwerera kwawo. Mumtima ndinati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Wezulo italira tinanyamuka anthu makumi anayi. Pachitunda choyamba anyamata atatu anathawa, ndipo sindinawalabadire, sindinabwerere iwo. Pachitunda chachiwiri ndinachita dala kuchepetsa liwiro mpaka nditamva tcheni yake ikulira kumbuyo kwanga. Tinalowa m'nkhalango tili awiri. Ndinapalasa mwaukhondo ngati ndikusoka suti ya ukwati, kumusankhira njira yosalala pakati pa mizu, kuti andikhulupirire ndi mtima wonse. Tinadutsa pokhota paja pamene panagwera amuna anga. Sindinayang'ane m'chigwembemo, ndipo ndikukhulupirira kuti nayenso sanayang'anemo.

Kenako zitsamba zija. Chikwangwani cha mivi itatu chinaonekera patsogolo. Ndikanatha kukuwa kuti kumanzere, mwala, monga timachitira tikamatsogolera mnzathu. Ndinatseka pakamwa. Ndinadina kabatani, chishalo chinatsika, ndinakankhira thupi kumbuyo n'kulowera kumanzere. Njinga inauluka, n'kutera bwino.

Kumbuyo kwanga buleki inalira kamodzi, kenako phi!

Ndinaima. Ndinatsamiritsa njinga pamtengo mosafulumira, n'kubwerera wapansi. Anali chagada m'munsi mwa mwalawo, chipewa chake choteteza mutu chitang'aluka, njinga ili pamiyendo pake tayala likuzungulirabe. Dzanja lamanzere linali litagwira phewa lamanja, ndipo fupa la paphewapo linali litatukula khungu ngati chikhomo pansi pa nsalu. Ndinamuchotsera njingayo. Ndinamuuza kuti agwedeze zala za kumapazi, ndipo anagwedeza. Sanali wakufa.

"Alamu, imbani foni," anabuula. "Ndathyoka. Imbani msanga."

Ndinatulutsa foni m'thumba lakumbuyo, n'kutembenuza chikwangwani cha nambala yanga. Manambala onse ndinawadina pang'onopang'ono iye akuona. Kenako ndinakhala pansi pafupi naye, chala chili pamwamba pa batani loimbira.

"Ndiimba. Koma muyambe mwandiyankha. Munawaona kapena simunawaone?"

"Ndani?"

"Musandiyese mwana, alamu."

"Mayo ine! Nkhani imeneyo pano? Munthu ndikufa!"

"Simukufa. Anzanu anagona maola awiri, inu simunakwanitse ndi mphindi zitatu zomwe. Munawaona?"

Anayang'ana kumwamba kwa mwalawo, kuyembekeza kuti wina atulukira. Koma otitsatira anali kutali, ndipo anthu ambiri amadzera kumanja. Thukuta linali kutsikira m'makutu mwake. Ndikanakonda kunena kuti ndinamumvera chisoni, koma ndingakhale ndikunama. Mtima wanga unali zii, ngati wamwa madzi ozizira.

"Ndinawaona," anatero potsiriza, mawu ali pansi.

"Sindinamve."

"Ndinawaona! Ndinawaona akugwa. Ndimati ndikanena ndikafika kumapeto. Nditafika anthu anandinyamula, akuimba, ndiye... ndiye ndinaopa. Ndikanayamba bwanji?"

Ndinadina batanilo.

Galimoto inaima pamsewu wa m'munsi, ndipo anthu awiri a chithandizo anakwera ndi machira. Kumbuyo kwawo kunali amuna anga, akulimbana ndi chitundacho ndi ndodo yawo, milomo ili youma ndi ululu. Palibe amene akanawaletsa. Atafika anagwada movutikira pafupi ndi mng'ono wawo, n'kumumasula lamba wa chipewa.

"Usagwedezeke, iwe. Ndabwera."

Pamene a chithandizo ankamanga phewalo, ndinawakokera amuna anga pambali. Chaka chonse ndinali nditausunga uthenga umenewu, ndipo ndinaupereka ngati mphatso.

"Wavomera. Wanena ndi pakamwa pake kuti anakuonani."

Sanadabwe. Anangotsamira ndodo yawo, akupumira m'mwamba.

"Ndimadziwa," anatero. "Anaima pamwamba pa chigwembe, phazi limodzi pansi. Tinayang'anana m'maso. Ndinamuitana ndi dzina lake."

"Ndiye chaka chonsechi mumangoti..."

"Ndikananena, ndikanakhala ndilibe mwendo, ndilibenso mng'ono wanga. Ndinasankha kutaya chimodzi."

Anatembenuka n'kuyang'ana mwalawo. Munthu wokonza njinga zaka makumi awiri amawerenga mapazi a matayala ngati kalata. Pamwamba pa mwalawo panali mzere wanga, wowongoka, ndipo pambali pake mzere wakuda wa labala pamene buleki inafinyidwa. Anayang'ana chishalo cha njinga yanga, chimene chinali chikadali chotsika.

"Loweruka lililonse umandiuza kuti mwadzera kumanja."

"Inde."

"Iye anali atauonapo mwalawu?"

"Ayi."

"Unamuchenjeza?"

"Nanga iye anakuitanirani ndani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira felemu ya njinga imene akuikayikira kuti ili ndi mng'alu. Ndinadikira kuti akalipe, chifukwa mayankho ndinali nawo okwanira. Sanakalipe.

"Kutsetsereka ndinakuphunzitsa ndine," anatero, ngati akudziuza okha.

A chithandizo ananyamula machira. Nkhupakupa anatambasula dzanja lake labwinolo, akulira ngati mwana, akuti achimwene, achimwene. Amuna anga analigwira. Anatsika nawo chitundacho chotero, dzanja limodzi ndodo, linalo mng'ono wawo, akutsimphina pambali pa machira, ndipo sanacheuke ngakhale kamodzi.

Woyang'anira mpikisano wina amene anafika mochedwa anandigwira paphewa. "Mayi, mwachita bwino kuima. Anthu ngati inu ndi osowa. Mupitiriza?"

Ndinayang'ana pansi pamsewu. Amuna anga anali kukwezedwa kumbuyo kwa galimoto, ndipo atakhala pansi anaika mutu wa mng'ono wawo pamwendo wawo wabwino. Chitseko chinatsekedwa.

"Ndipitiriza," ndinatero.

Ndinakweza chishalo n'kukwera njinga. Kumbuyo kwanga kunalibenso munthu, ndipo kumapeto kunalibe wondidikira.