Msana wa Mkamwini

"Mwanayo mutsitseni," anatero Agogo. "Pano mukanyamula mmodzi, mwanyamula onse."

Ananena mawuwa ataima pakhomo la chipinda chochapira, nkhope italoza kukhoma, pakuti mkamwini sayang'anidwa m'maso. Mkamwiniyo anali pakati pa bwalo, wamtali ngati mlongoti, kamtsikana kamamina kali pakhosi pake, timiyendo tikulendewera pachifuwa. Linali tsiku lawo lachitatu panyumba yosungira ana amasiye, kudziko la eni, kutsidya kwa nyanja.

"Amayi, mwanayu amalira," anayankha Mkamwini akumwetulira. "Ntchito imene Mulungu anatitumira kuno ndi yomweyi."

"Anakutumani, inde. Koma anakutumani ndi msana umodzi."

Mkamwini anaseka, n'kuzungulira bwalo lonse akulira ngati galimoto, kamwana kaja kakusekerera m'mwamba.

Musamuweruze msanga. Agogo anali munthu wa machenjezo, ndipo machenjezowo ankagwa ngati mvumbi, osakata. Chifikireni anali atachenjeza kale za fani ya kudenga, kuti tsiku lina idzaguluka n'kumeta munthu mpala. Za madzi a mufiriji, kuti amaumitsa chiwindi. Za masitepe, za mphaka wa akhukhi, ndipo koposa zonse za magetsi. Swichi iliyonse ankaidutsa chammbali ngati galu woluma. Munthu wotere akanena zoona, zimangomveka ngati zina zonse zija.

Chimene chinawabweretsa kuno ndi mdzukulu. Mwana wawo wamkazi, namwino, analembedwa ntchito ndi mishoni pamodzi ndi mwamuna wake: mkazi kusamala ana odwala, mwamuna kukhala bambo wa nyumba, kudzutsa ana, kuwapempheretsa ndi kuwaperekeza kusukulu. Khanda lawo linasowa wolilera, ndiye Agogo anakwezedwa ndege. Ulendo wonse anatsinzina, manja atakakamira mpando wakutsogolo, akutchula abale awo onse, amoyo ndi akufa omwe. Atatsika anagwada pasimenti n'kulumbira: "Chinthu chimenechi sindidzachikweranso. Mudzandikwirira konkuno."

Koma ntchitoyo inali yoyesedwa kaye. Pakatha miyezi itatu, Oyang'anira ochokera kulikulu la mishoni amayenera kudzaona. Akapeza kuti bambo wa nyumba sakukwanitsa, banja lonse libwerera kwawo. Pa ndege. N'chifukwa chake msana wa Mkamwini unkawasowetsa mtendere Agogo kuposa mwini wake.

Agogo kusukulu sanapondeko, koma chiwerengero cha ana ankachidziwa. Anadzipatsa ntchito yothandiza kochapira, khanda lili kumsana, ndipo masokosi a pachingwe anawauza zonse: ana makumi anayi ndi awiri. Mayina awo ankapota lilime, choncho anawapatsa awoawo. Kamtsikana kaja kanangokhala Kamamina.

M'mawa mwake Mkamwini potuluka anapeza mzere. Unayambira pakhomo pake, kudutsa pampopi, n'kukakhota kuseri kwa khitchini. Palibe amene ankakankha mnzake. Ana a m'nyumba zotere chilungamo amachidziwa kuposa woweruza milandu; sopo akagawiridwa amamuyeza ndi chala, ndipo amakumbuka amene anapatsidwa bulangete latsopano chaka chatha. Kamamina anakwera dzulo. Lero inali nthawi ya ena.

"Akumuitana kuti chiyani?" Agogo anafunsa mwana wawo, pakuti chiyankhulo cha kumeneko sankachimva.

"Akuti Basi, amayi."

"Basi ikafa amaikokera kugalaja. Nanga amuna akowa tidzawakokera kuti?"

"Amayi, kwa inu chilichonse n'choopsa."

"Ndakulera mpaka wakula uli ndi zala zonse khumi. Ukuganiza kuti zinangochitika zokha?"

Posakhalitsa lamulo linakhazikika lokha: ana akaweruka kusukulu, aliyense akwere ndi kuzungulira bwalo kamodzi, mpaka belu la chakudya litalira. Sabata yachiwiri Mkamwini anayesa kuchepetsa, kuti azinyamula ang'onoang'ono okha. Okulirapo aja sanalire, sanadandaule. Nthawi ya chakudya anangovundikira mbale zawo patebulo, n'kukhala manja atapinda. Akhukhi anabwera ndi chipande m'manja kudzafunsa ngati iwo analembedwa ntchito yophikira mphaka. Mawa lake Basi inayambanso kunyamula onse.

Pakati pa okulirapowo panali amene Agogo anamutcha Chithumba. Anali wa zaka khumi ndi ziwiri, wofatsa, wodya mbale ziwiri, sokosi yake yoti khanda n'kugonamo. Ulemu unali wake: ankalola ang'ono kupita patsogolo, iye n'kumatsalira kumapeto kwa mzere. Tsiku lililonse belu linkalira iye asanafike. Ankangoyang'ana khosi la Mkamwini ngati munthu amene anasungitsa katundu, kenako n'kuthamangira kukadya.

"Uyo mukumuonayo," anatero Agogo, akuuza khoma. "Tsiku limene belu lidzachedwe, mudzandikumbuka."

"Ndi mwana, amayi."

"Ndi mwana kunkhope kokha."

Pofika mwezi wachiwiri, Agogo anayamba kuona zizindikiro. Mkamwini ankamanga nsapato atakhala pansi, akupumira m'mwamba ngati mayi wodwala pakati. Akadutsa, fungo la mankhwala opaka linkamutsatira mpaka m'tchalitchi. Supuni ikagwa ankaiyang'ana kwa kanthawi, kenako n'kuikankhira pansi pa tebulo ndi phazi. Namwino atamufunsa, anati ndi nyengo ya kuno. Agogo anawonjezera chiganizo chimodzi pa pemphero lawo la m'mawa: "Ambuye, belu lija lisafe."

Tsiku loyendera linafika. Oyang'anira anali mayi wamfupi wa magalasi, wochokera kwawo komwe, wosaseka msanga. Anasuzumira pansi pa mabedi, ananunkhiza mapoto, anafunsa ana mapemphero. Zonse zinali bwino, ndipo Agogo anayamba kupuma. Masana, ana ataweruka, mzere unakhazikika monga mwa nthawi zonse, ndipo Basi inayamba ulendo.

Oyang'anira anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. "Izi zimachitika tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, amayi," anayankha Namwino.

Akhukhi anatuluka kuti akalize belu, koma Oyang'anira anakweza dzanja. "Lidikire. Ndikufuna ndione mwana aliyense atakwera."

Agogo anayang'ana mzere. Atsala asanu. Kumapeto kwake Chithumba anali akupisira malaya m'kabudula, nkhope ili ngwee.

Belulo linali la magetsi, kabatani kofiira pakhoma la khonde, pafupi ndi khitchini. Miyezi itatu yonse Agogo ankadutsa pamenepo atakakamira kukhoma linalo. Koma mbali ina kunali magetsi, mbali ina ndege. Anamangitsa khanda kumsana, anavala mapatapata awiri phazi lililonse, anatenga mtengo wa mopu n'kuukulunga thaulo louma. Atafika pakhonde anaima patali, anatsinzina, n'kulasa. Analasa kalendala. Analasanso, anagwetsa chipewa cha akhukhi chomwe chinali pamsomali. Kachitatu mopu inangokanda khoma.

Kunja, Chithumba anali atakwera kale, popondera pakhoma la mpopi. Miyendo ya Mkamwini inanjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, koma inagwira. Anaponya phazi limodzi. Anaponya lachiwiri. Mitsempha ya pakhosi inatuluka ngati zingwe zoyanikira, ana akuwomba m'manja, ndipo zinkaoneka kuti mwina, mwa chisomo, akanamaliza.

Kachinayi mopu inapeza batani.

Chithumba, chibadwireni, sanachedwepo ku chakudya. Belu litangolira thupi lake linayankha lokha. Anaponda pamsana pa Mkamwini ngati pasitepe, n'kudumphira pansi. Panamveka phokoso laling'ono, ngati nthambi youma ikathyoka.

Agogo potsegula maso n'kusuzumira pabwalo, anaona Mkamwini atawerama, manja ali pamawondo, ngati munthu wofunafuna singano mumchenga.

"Wongokani, bambo a mwana," ananong'ona Namwino. "Akukuonani."

"Ndikupemphera."

"Pempherani mutaimirira."

"Sizikutheka, mayi a mwana."

Ana anaiwala chakudya. Ngakhale Chithumba anabwerera ali pakhomo penipeni pa chipinda chodyera, misozi ili chuchuchu. Anathamanga kukatenga benchi, n'kumugonekapo Mkamwini chammbali, ali chipindikire. Chipinda cha odwala chinali pafupi, mtunda woti munthu n'kuponya nsapato n'kufika. Koma benchi inali ndi malo a manja a ana asanu ndi atatu okha, ndipo otsalawo anayamba kuyankhula onse nthawi imodzi.

"Akuti chiyani?" anabuula Mkamwini.

"Akuti aliyense anyamuleko," anatero mkazi wake.

"Auzeni kuti ndawakhululukira."

Sizinathandize. Benchi inazungulira bwalo kasanu ndi kamodzi, ana akusinthana mwadongosolo pampopi, ena akulira ngati galimoto kuti wodwala asangalale. Kamamina, poti sankafikira, anagwira chala chachikulu cha kuphazi.

Agogo anakhala pabeseni lovundikira m'chipinda chochapira, mopu ataibisa kuseri kwa chitseko. M'makutu mwawo ndege inali italiza kale injini. Anayamba kuganiza za amene angawabise: akhukhi mwina, m'chipinda chosungira matumba, ngakhale kuti munali mphaka.

Oyang'anira analowa akupukuta m'maso ndi kansalu. Kaya anali misozi ya chisoni kaya ya chinthu china, Agogo sanafunse.

"Agogo, ndayendera nyumba zambiri za ana. Antchito onyamula ana ndawaona. Ana onyamula wantchito, lero n'koyamba. Munthu ameneyu sachoka pano."

"Ndiye kuti za ndege..."

"Ndege yanji?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Oyang'anira anatembenuka kuti azipita, kenako anaima. "Koma belu lija analiza ndani? Ndinati lidikire."

Agogo anakonza khanda kumsana, maso ali pansi. "Magetsi a kuno amachita zinthu okha, amayi. Ndakhala ndikunena, koma sandimvera."

Adokotala anamuwongola Mkamwini patatha masiku anayi, n'kulamula kuti kwa miyezi isanu ndi umodzi asanyamule chilichonse cholemera kuposa sokosi. Oyang'anira anamva mawu amenewo monga analili. Kudzutsa ana ndi kuwapempheretsa anamusiyira, koma masana onse anamuika kochapira, pampando wa pilo, kuphatikiza masokosi awiriawiri pansi pa ulamuliro wa apongozi ake. Kumeneko kunalibe kothawira. Anamva za fani, za firiji, za simbi yositira imene imakoka mphezi, zonse zikunenedwa kukhoma, kuyambira ana akapita kusukulu mpaka belu.

Tsiku lina masana Kamamina anasuzumira pakhomo, sokosi ili m'manja, chala chikutulukira pakabowo. Anangoyang'ana Mkamwini ndi maso omwe aja a tsiku lachitatu. Mkamwini anatambasula dzanja n'kutenga singano pashelefu.

"Bambo," anatero Agogo.

"Ndi kabowo kamodzi, amayi. Singano silemera."

Agogo anangopitiriza kupinda mashiti.

M'mawa mwake mzere unayambira pakhomo la chipinda chochapira, kudutsa pampopi, n'kukakhota kuseri kwa khitchini, mwana aliyense sokosi ili m'manja. Kumapeto kwenikweni kunali Chithumba, waulemu monga mwa masiku onse, atanyamula masokosi ake onse awiri, akukulitsa mabowo ndi chala.