A Kachingwe Agwa Kudansi ya Nyundo

"Gwiritsitsani madala, kuno kuli maenje," anatero Swaibu wakabaza, akukhotera mu kamsewu kafumbi kuseri kwa msika wa Balaka.

A Hudson Kachingwe anagwira chitsulo cha mpando ndi dzanja limodzi, linalo litafumbata foni m'thumba la jekete. M'foni imeneyo munali kanema amene anasokoneza banja lawo mlungu wonse. Mwana wawo wamkazi Madalo, yemwe anamutumiza kutauni kukaphunzira zosoka, amaoneka atavala zakuda zokhazokha, akupukusa mutu, akubangula pa maikolofoni ndi mawu oti ngakhale mwamuna sangawatulutse. Kanemayo anazungulira mpingo wonse wa ku Utale. Akazi awo, mayi Judith, analira mpaka maso kutupa. Abusa nawo sanachulutse gaga m'diwa: mwanayo abwere adzalape Lamulungu, apo ayi a Kachingwe atule pansi udindo wa mkulu wa mpingo, umene anausenza zaka khumi ndi zinayi.

"Koma madala mwandisangalatsa," Swaibu anapitiriza. "Msinkhu wanuwo, jekete ndi tayi, ulendo wokaonera gulu la Nyundo! Nyimbo yanu yapamtima ndi iti?"

"Sindidziwa ndi imodzi yomwe. Kodi si gulu la satana limeneli?"

Swaibu anaseka mpaka njinga inadzandira.

"Satana? Ine ndine Msilamu, ndimaswali kasanu patsiku, koma dansi yawo sindiphonya. Ndi nyimbo za roko basi, zolemera zija amati meto. Wallahi, ana aja ndi anthu. Chaka chatha bwana wina wogulitsa mowa wa m'timabotolo anafuna kuwagulira zida zatsopano, bola apachike dzina la mowa wakewo kumbuyo kwawo akamaimba. Anakana. Akuti mowa umenewo ndi umene ukutha anzawo. Mpaka lero ng'oma yawo ndi yomanga ndi waya."

"Nanga kukuwako?"

"Kukuwako ndiye ndiwo zake, madala."

A Kachingwe ankayembekezera kumva za magazi ndi za kumanda. Nkhani ya mowayi sanadziwe poyiika.

Dansiyo inali m'nyumba yakale yosungiramo thonje, masana dzuwa likuswa mtengo. Phokoso linawalandira akali panja, ngati chigayo chimene chameza mwala. Pakhomo panaima chimnyamata cha unyolo m'khosi, pamalaya pake atajambulapo chigaza cha munthu. A Kachingwe anakonzeka kulimbana nacho, koma icho chinavula chipewa.

"Lowani, bambo. Tikupezereni mpando?"

"Sindinabwerere mpando," anayankha, nalowa.

M'katimo munali kutentha, malata akunjenjemera. Kutsogolo, pansanja ya matabwa, panali anyamata atatu ndi magitala ndi ng'oma, ndipo pakati pawo panali Madalo, mwana yemwe uja ankaimba mu kwaya ndi timawu tonga ta mbalame. A Kachingwe anayamba kudzipanikiza m'khamumo kuti akamugwire dzanja. Atafika pakati anaona zoopsa: achinyamata akuthamanga mozungulira, akugundana mapewa ngati atonde.

Mtima wa mkulu wa mpingo unawagwira. Analowa pakati, manja m'mwamba.

"Lekani ndewu! Ana inu, lekani!"

Palibe anamva. Phewa la wina linawapeza pachifuwa, lina kumsana, ndipo anapezeka ali chagada pasimenti, magalasi atauluka. Ankangoona nsapato zikuluzikulu zikudutsa pafupi ndi nkhope yawo. Anatseka maso, nati m'mtima: ndafera zachibwana.

Mwadzidzidzi kunangoti zii. Magitala analeka, ng'oma inaleka.

"Imani, imani!" Anali mawu a Madalo, tsopano mawu ake enieni. "Wina wagwa pakatipo. Lamulo lathu mukulidziwa: munthu akagwa timamudzutsa. Sitiimba mpaka aimirire."

Manja ambirimbiri anawanyamula. Mtsikana wina wopaka zakuda m'milomo anayamba kuwasasa fumbi pajekete. Chimnyamata cha unyolo chija chinatola magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya ake, n'kuwapereka ndi manja awiri.

"Pepani, bambo. Mwapweteka?"

"Nanga inu mumamenyanirana chiyani?"

"Sitimamenyana, bambo. Timavina."

A Kachingwe anavala magalasi, nayang'ana kutsogolo. Maso awo anakumana ndi a mwana wawo.

"Ababa?"

Liwu limenelo linadutsa m'masipika, n'kudzaza nyumba yonse. Mitu yonse inatembenukira kwa iwo. Swaibu, amene anali ataimika njinga panja n'kulowa nayenso, anagwira pakamwa.

"Ha! Madala, bwanji osanena kuti ndinu mwini nyundo?"

Madalo anapempha anthu kuti apume pang'ono, natuluka ndi bambo ake kukaima pansi pa mtengo wa nimu. Thukuta linali kamukamu. Anagwada pang'ono powapatsa moni, monga amachitira kumudzi, ndipo zimenezi zinangowonjezera kuwasokoneza.

"Katenge katundu wako tizipita," anatero a Kachingwe. "Amayi ako sakudya."

"Zosoka sindinasiye, ababa. Izi ndi za Loweruka lokha."

"Mawu aja ukuwatenga kuti? Chakulowa n'chiyani m'mimbamo?"

"Palibe chandilowa. Ndi pakhosi basi, ndinachita kuphunzira. Ndikamaliza ndimamwa madzi ofunda a mandimu."

"Mandimu," anabwereza a Kachingwe, ngati liwu lachilendo. "Nanga umati chiyani? Ine ndimangomva ngati ng'ombe ili pampeni."

Madalo anayang'ana pansi.

"Imene mwaidulayi ndi nyimbo ya Esther."

Esther anali mwana wa mchemwali wawo wa a Kachingwe. Anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu kwa bambo wina wogula mbuzi, ndipo chaka chotsatira anamwalira pobereka. Pachinkhoswe chake, amene anaimira banja monga malume anali a Kachingwe omwewo. Chiyambire maliro aja, dzina la mwanayo silinkatchulidwa pakhomo pawo.

Mawu awo anatsika.

"Ndiye bwanji osaimba mofatsa, kuti anthu amve?"

"Pamaliro ake tinaimba mofatsa, ababa. Anamva ndani?"

A Kachingwe anayang'ana kumbali.

"Anthuwa tinawalonjeza nyimbo khumi, zatsala zinayi," anatero Madalo. "Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, mumatero ndinu. Ndikamaliza mundikalipire mmene mungafunire."

Anagwadanso, nabwerera m'kati.

A Kachingwe anatsala okha pansi pa mtengo. Anafuna kukwiya, koma mkwiyowo unasowa pogwira. Zovala zinali za kumidima, ulemu unali wa kwawo. Phokoso linali la kugehena, koma kumsonkhano wa mpingo anaonapo mayi wina atakomoka kwaya ikungopitiriza. Anayesa kupemphera, mawu anasokonekera. Mapeto ake analowanso, ndipo ulendo uno mpando uja anaulandira, nakhala kumbuyo kwenikweni.

Gululo linayambiranso nyimbo imene inadukira panjira. A Kachingwe anatchera khutu ndi mphamvu zawo zonse. Sanatolepo kanthu, kupatula liwu limodzi. Pofika pakati, magitala anatsika, ndipo nyumba yonse, Akhristu ndi Asilamu, anthu oti malemuyo sanamuonepo, inafuula pamodzi katatu: "Esther! Esther! Esther!"

Anavula magalasi, nawagwira m'manja nthawi yaitali.

Nyimbo yachitatu mwa zinayi zija ili m'kati, foni inanjenjemera m'thumba. Anatuluka panja. Anali abusa.

"Mwamupeza, a Kachingwe?"

"Ndamupeza, abusa."

"Ndiye mwaona chiyani? Ndi zija tinkanenazi?"

"Kunena zoona, chimene ndaona sindikuchidziwa. Ndinagwa, anandidzutsa. Kukuwa akukuwadi. Koma satanayo ndamufunafuna, sindinamuone pamene wakhala."

"Musazungulire. Mubwera naye kuti adzalape?"

A Kachingwe anayang'ana malata akunjenjemera aja.

"Iyayi, ndibwera ndekha. Sindingamuuze mwana kuti alape chinthu chimene ine mwini sindikuchimvetsa. Mawa musankhe wina pa udindo uja. Ine ndizikhala kumbuyo kufikira mutu wanga utakhazikika."

Anathimitsa foni, nakonza tayi, nabwerera m'kati. Kunali kutatsala nyimbo imodzi.