Dzina Lachiwiri pa Sewero la Noreen

"Musayankhe kaye, adadi," anatero Colette, atagwira dzanja la bambo ake lomwe linali litafika kale pa foni. "Isiyeni ilire. Tiyambe tagwirizana."

Foni inalira mpaka inatopa. Walt Vasko anabweza dzanja lake n'kuliika pabondo. Ankadziwa amene ankaimba. Anali Devlin, mkulu wa sewero la pa TV lomwe Noreen, mkazi wa Walt, ankalemba. Maliro a Noreen anali atayikidwa Loweruka, ndipo patebulo la m'khitchini panali padakali mbale za zakudya zomwe anansi anabweretsa, zina zosavundukula n'komwe.

"Akungofuna kumva za mayina," anatero Walt. "Awalembe monga mwa nthawi zonse."

"Nthawi zonsezo zatha, adadi. Amayi kulibe."

Kwa zaka zoposa makumi awiri, masewero onse a Noreen ankatuluka ndi mayina awiri, lake ndi la mnzake wolemba naye, Lyle Abendroth. Malipiro ankagawana pakati. Pa malipiro aliwonse a mlembi, kampani nayo inkaponya gawo lake m'thumba la bungwe la alembi, la penshoni ndi la chipatala. Mlembi akafika pa mlingo wa malipiro womwe bungwe linaika, iye ndi banja lake ankathandizidwa kuchipatala. Akapanda kufika, ankadzionera yekha. Walt anasiya ukalipentala wa m'nyumba zojambulira mafilimu mtima utayamba kumuvuta, ndipo kuyambira pamenepo ankadalira khadi la chipatala la mkazi wake.

"Dzulo ndinalankhula nawo a ku bungwe," anapitiriza Colette. "Pali mlingo wina woti wamasiye apitirize kuthandizidwa. Amayi anatsala pang'ono kufikapo. Sewero lomalizali likagawidwa pawiri, safika, ndipo khadi lanu lifa chaka chisanathe. Likatuluka ndi dzina lawo lokha, afika. Inu muli ndi mtima umenewo, mankhwala anu mukuwadziwa. Mukufuna muzidzasankha pakati pa mapilitsi ndi magetsi?"

"Ndiye tiname?"

"Bodza lili pati? Ine ndinali nawo m'chipatala. Ankalemba okha, kompyuta ili pamiyendo, timapaipi tili m'mikono. Amalume Lyle munawaonako? Ngakhale tsiku limodzi? Nanga kumaliro? Maluwa basi, ndi kakhadi kolemba mlongo wawo. Munthu wadya thukuta la amayi mpaka kumanda, tipitirize kumudyetsa?"

Walt anayang'ana mpando womwe Noreen ankakhalapo. Sankamukonda Lyle kuyambira kale. Anali munthu wamtali, wapakamwa pokoma, wodziwa kuseketsa Noreen mpaka misozi, kuseka komwe Walt sanakutulutsepo mwa mkazi wake. Zaka zitatu zapitazi Lyle anasiya kubwera kunyumba kwawo. M'malo mwake, Lachiwiri lililonse Noreen ankayendetsa galimoto kupita kwa Lyle ku Van Nuys, n'kubwera madzulo atatopa, nthawi zina maso atafiira. Walt anafunsapo kamodzi. "Ndi ntchito, Walt, usandifunse zambiri," anayankha choncho. Walt sanafunsenso. Anadzipangira nkhani yake mumtima n'kumagona nayo.

N'chifukwa chake mawu a Colette anamukomera, ndipo kukomako n'kumene kunamusowetsa mtendere.

"Dzina la munthu silizulidwa pafoni ngati msomali," anatero akuimirira. "Ndikamuuza pamaso."

"Pamaso pa munthu amene sanaponde n'kumanda komwe?"

"Tenga makiyi."

Colette ndiye anayendetsa. Kunkatentha, ndipo magalimoto pamsewu waukulu ankangokwawa. Njira yonse kuchokera kwawo ku Burbank ankabwereza zoti akanene.

"Akayamba nthabwala zawo zija musaseke. Akayamba kulira musafewe. Ndikukudziwani inu, munthu akangokupatsani khofi mumaiwala chomwe mwabwerera."

"Tayang'ana kutsogolo, iwe. Ufuna maliro ena?"

Walt anali asanafike kunyumba ya Lyle kwa zaka zambiri. Atatsika m'galimoto anaima. Pomwe panali masitepe a pakhomo panali matabwa otsetsereka okhala ndi chogwirira m'mbali. Pamatabwapo panali mikwasa ya matayala awiri.

Yemwe anatsegula chitseko anali Bernadette, mlongo wake wa Lyle, mayi wamfupi wa imvi, atapinda mikono ya malaya.

"A Walt," anatero. "Ndimadziwa kuti mubwera. Pepani ndi zovutazi. Nawe Colette, pepa mwanawe."

"Zikomo," anayankha Colette mouma. "Tikufuna kulankhula ndi amalume Lyle."

"Kulankhula mulankhula nawo. Kuyankha ndiye kaya. Lowani."

Lyle anali pabalaza, pafupi ndi zenera, pa njinga ya olumala. Anali atametedwa ndevu n'kuvekedwa malaya ositidwa bwino. Thupi lonse lija linali litathera m'malayamo. Dzanja lamanja linali litafunyika pachifuwa, ndipo mlomo unali utagwera mbali imodzi. Anayang'ana Walt, anayang'ana Colette, kenaka anasuzumira kumbuyo kwawo, kuchitseko.

"No... No..." anatero. Dzina la Noreen linathera pomwepo.

"Lero ndi Lachiwiri," ananong'ona Bernadette. "Ndinamuuza za imfa ya Noreen, ndipo anamva. Analira mpaka kukana chakudya. Koma m'mawa uno wandilozera malaya amenewa."

Colette anagwira pakamwa. Munthu uyu ankamunyamula paphewa ali mwana.

Bernadette anawatengera kukhitchini n'kutseka chitseko. Pashelefu panali mabotolo a mankhwala atandandalikidwa.

"Ndi sitiroko," anatero. "Zaka zitatu zapitazo. Anagwera m'bafa."

"Bwanji osanena?" anafunsa Walt.

"Mumzinda uno? Mlembi akangomveka kuti wadwala, foni imasiya kulira. Noreen anafika kuchipatala tsiku lomwelo. Anati, 'Bernadette, tseka pakamwa. Kumisonkhano ndizipita ndekha. Aliyense akudziwa kale kuti Lyle amadana ndi misonkhano.' Dzina likakhalapo, kampani imaponya gawo lake, khadi limakhala lamoyo."

"Ngakhale ine, mwamuna wake, osandiuza?"

"Ndinamuchonderera kuti akuuzeni. Anati inu simudziwa kunama. Akuti Devlin akanangokufunsani kuti Lyle ali bwanji, nkhope yanu ikanaulula musanatsegule n'pakamwa pomwe."

Walt anakoka mpando n'kukhala. Zonse zomwe ankaganizira mkazi wake Lachiwiri lililonse zinamubwerera, ndipo anachita manyazi moti sanathe kuyang'ana mwana wake.

Colette ndiye sanakhale. Misozi inali m'maso, koma mawu anali olimba.

"Ndiye amayi ankagwira ntchito ya anthu awiri n'kumalandira theka."

"Inde."

"Mpaka pabedi la m'chipatala."

"Mpaka pamenepo."

"Chabwino. Pepani kwambiri ndi za amalume, ndikunena zoona. Koma tamvani za kwathu." Anafotokoza za mlingo wa amasiye, za mtima wa bambo ake, za khadi lomwe life chaka chisanathe. "Amayi anathandiza mokwanira. Tsopano ndi nthawi yoti ntchito yawo ithandize mwamuna wawo. Ndalakwa pati pamenepo?"

Bernadette anatenga kansalu n'kupukuta patebulo pomwe panali poyera kale.

"Sunalakwe," anatero. "Zimenezo sindimazidziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti Noreen ankaganiza kuti achira. Kunoko, theka la sewero limeneli ndi lomwe limufikitse Lyle pa mlingo wa chaka chino. Mankhwala aja, namwino, mtsikana womuphunzitsa kulankhula, zonse ndi khadi. Likafa ndigulitsa nyumbayi, zikatha ndimupereka kunyumba yosungira odwala. Koma sindikupemphani. Noreen anali wanu, sanali wanga. Chimodzi chokha, mukamakauza Devlin musanene kuti Lyle salemba."

"Amalemba ndi chiyani?" anafunsa Colette. "Ndi dzanja lija?"

Bernadette asanayankhe, foni ya Walt inayamba kulira m'thumba. Onse atatu anaimva. Colette anayang'ana bambo ake.

"Adadi, tinagwirizana."

"Unagwirizana wekha."

Anaitulutsa n'kuyankha. Devlin anayamba ndi kupepesa, kutamanda malemu, kenaka anafika pomwe amafuna. Masamba omaliza anali asanafike, ndipo a maofesi ankafunsa za mayina.

"Mayina ndi awiri," anatero Walt. "Monga mwa nthawi zonse."

"Ndimaganiza choncho. Nanga Lyle akupirira bwanji? Sindinamuone kumaliro."

Walt anatseka maso. "Zamukhudza kwambiri," anatero. "Sakutha n'kulankhula komwe."

Atadula foni, Colette anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka mabotolo ananjenjemera pashelefu.

"Nanga inu? Mtima wanuwo mukaupereka kwa ndani?"

"Wofooka ndi mtima, manjawa ali bwino. Ndipita kwa anzanga akale. Ntchito za pansi zilipo, mipando, mafelemu a zitseko. Bungwe la akalipentala nalo lili ndi thumba lake."

"Dokotala anakuletsani!"

"Anandiletsa kukwera makwerero."

"Mukadzagwa, wokutolani ndi ine. Mukudziwa zimenezo? Ndangoika kumene amayi, mukufuna ndiikenso inu?"

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero Walt mofatsa. "Mwina ndalakwitsa. Koma amayi ako anamanga chinthu ichi zaka zitatu ali okha. Sindingachigwetse patangopita masiku atatu."

Colette anatembenukira kuzenera, mapewa akugwedezeka. Palibe anamuletsa kulira.

Patapita kanthawi, Bernadette anatsegula kabati n'kutulutsa mapepala ochepa omangidwa ndi kawaya.

"Masamba omwe Devlin akufunawo ndi awa," anatero. "Noreen anawatumiza kuno ali m'chipatala. Sanathe. Umafunsa kuti amalemba ndi chiyani, Colette. Amayi ako ankakhala naye pabalazapo n'kumuwerengera sewero lonse, mawu a aliyense. Mzere womaliza ankausiya wopanda kanthu. Ankati umenewo ndi wa Lyle, ndipo sankatumiza sewero mpaka iye ataunena. Awa ndayesa kumuwerengera, koma amangotseka maso. Kaya ndimawerenga ngati wolengeza maliro."

Walt analandira mapepalawo. Anafufuza magalasi ake m'thumba la malaya n'kubwerera pabalaza. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi munthu yemwe anamuchitira nsanje zaka zonsezo.

"Lyle, ndine Walt," anatero. "Noreen sabwera. Koma ntchito wasiya. Ine kuwerenga sindidziwa bwino, undipirire."

Lyle anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakweza chala cha dzanja lamanzere, ngati akuti yamba.

Walt anawerenga mopunthwapunthwa. Sewerolo linali la bambo wina yemwe anatuluka m'nyumba m'mawa kuti akukagula mkaka, n'kusowa zaka zisanu ndi ziwiri. Tsopano anali atabwerera, ali pakhomo, akuyeserera mawu opepesera. Pena Walt ankasokoneza mawu a bamboyo ndi a mnansi wake, ndipo Lyle ankagogoda pa njinga yake mpaka Walt atabwereza bwino. Pamalo ena, mbali yamoyo ya mlomo wa Lyle inakwera, ndipo pakhosi pake panatuluka kaphokoso konga kuseka. Colette anali atafika pakhomo la pabalaza, atapinda manja pachifuwa.

"Bamboyo akugogoda," anawerenga Walt. "Chitseko chikutseguka. Mkazi wake akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mkaziyo akuti..."

Pamenepo pepala linali loyera.

Lyle anayang'ana kudenga. Milomo yake inayamba kugwira ntchito. Mitsempha ya m'khosi inatuluka.

"Na... na..."

Anapuma n'kuyambiranso. Thukuta linatuluka pamphumi. Malovu anatsika pachibwano, Bernadette anawapukuta. Kunja galimoto yotola zinyalala inadutsa, inaima, inapitirira.

"Na... nang..."

Colette sanathe kupirira. "Mwina akufuna kunena kuti..."

"Ayi," anatero Bernadette motsitsa mawu. "Osamuthandiza. Amayi ako sankamuthandiza. Ankangokhala pamenepo, pensulo ili m'manja. Tsiku lina anadikira kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka."

Anadikira. Walt anaika mapepala pabondo n'kumuyang'ana Lyle m'maso. Dzuwa linachoka pa kapeti n'kukwera pamwendo wa tebulo. Colette anamasula manja ake, anabwera pang'onopang'ono n'kugwada pambali pa njinga.

Lyle anakoka mpweya, anatembenuzira mutu kwa Walt, n'kukweza nsidze imodzi ngati mkazi wotopa ndi mwamuna wake.

"Nanga... mkaka?"

Kuseka kunamutuluka Walt asanakonzeke, kuseka kwa m'mimba, kosakanikirana ndi misozi mpaka anavula magalasi. Bernadette anabisa nkhope m'kansalu kake. Lyle anatsamira kumbuyo, atatopa ngati wanyamula katundu, diso lake likuwala.

Walt anapapasa m'matumba kufuna cholembera, koma sanachipeze. Colette anatenga pensulo yomwe inali pazenera. Anachotsa mapepala pabondo la bambo ake, anawatsamiritsa pa mkono wa njinga kuti Lyle aziona, n'kulemba mawu awiriwo pamalo pomwe amayi ake anasiya.