Khutu la Gitala ya Bambo Eleuterio

Phula linali litayamba kusungunuka mumpoto pa mbaula pamene Betsabé analowa m'shedi n'kupeza mchimwene wake Rómulo atamasula nsambo za gitala ya malemu bambo awo.

"Mukuitani achimwene?"

"Ndikuikonza. Mawa pa mapemphero omaliza ndiimba ndine."

Chibwerereni kuchokera ku Lima, Rómulo anali asanagwetse msozi. Ananyamula bokosi, anapereka moni kwa anthu, anadya zomwe anampatsa, koma mumtima munali zii. Manja okha ndiwo ankafuna chochita. Ndiye anatola gitalayo, ndipo atangoilumikiza ku sipika inalira tswii ngati kamwana ka nkhumba.

Vuto ankalidziwa. Pansi pa nsambo pamakhala kachipangizo ka maginito ndi waya wopyapyala, kamene bambo ankakatcha khutu. Khutu losaviikidwa m'phula limatola chilichonse, kugogoda ngakhale chifuwa cha woimba. Ukaliviika, waya amagwirana, limamva nsambo zokha mpaka kalekale.

"Oimba nyimbo za kumbiya a mu Pucallpa muno onse bambo anawaviikira," anatero Rómulo, "koma yawo ayi. Amisiri inu!"

"Nanga mwathiramo phula lanji?"

"La makandulo."

"Lokhalokha? Limenelo likauma limang'aluka. Bambo ankasakaniza ndi la njuchi pang'ono. Ku Lima kuja munakaphunzira kuvala nsapato basi?"

"Iwe, ndayamba kugwira mpoto uwu usanamere mano."

"Munausiyanso ndisanamere nzeru. Lero mwabwera ndi changu."

Rómulo sanapse mtima n'komwe, ndipo zimenezo zinamudabwitsa. Anabenthula phula la njuchi pa shelefu, naliponya mumpoto, natenga chodulira waya.

Mayi awo, a Zoila, anaima pakhomo ndi mbale ya nthochi zosinja. Anayang'ana mpoto, kenako chodulira chija.

"Usadule."

"Amayi, imalira. Ndikailiza chonchi mawa anthu atseka makutu."

"Atseke."

"Bambo anangoiwala, amayi. Ndingomaliza ntchito yawo."

"Bambo ako aiwale phula? Khutu limenelo linali loviika kale. Anachita kuchotsa okha, n'kukulunga lina."

Anaika mbale pa benchi, napukuta manja pa siketi.

"Chichitireni opaleshoni ya pakhosi ija, mawu awo sankafika ngakhale pakhomo apa. Ukaimba foni ndinkati ali otanganidwa. Anandiletsa kukuuza, amvekere mwana angasiye ntchito."

Rómulo anayang'ana mlongo wake. Betsabé anali atazolika.

A Zoila anayatsa sipika, nawerama mpaka milomo inatsala pang'ono kukhudza khutu lija. Ananong'ona, monga ankachitira amuna awo akamaliza gitala ya munthu aliyense, mwini wake asanaimve.

Mawu anatuluka m'sipika aakulu, okhuthala, osadziwika ngati ndi a mkazi kapena a mwamuna, nadzaza shedi yonse mpaka kukhitchini.

"Zoila, siya zimenezo. Bwera udzayambe ndiwe kumva."

Mayiwo anaweramuka, nakhala pa kampando kakafupi pambali pa sipika, manja pa maondo, ngati akudikira nyimbo.

Rómulo anaika chodulira pansi, nazimitsa mbaula. Kenako anayamba kubwezera nsambo imodziimodzi, koma maso anali atachita chidima, ndipo kabowo kolowetsa nsambo sankakaona.