Batani Lobiriwira la Apongozi

Apongozi anga aamuna ndi dotolo wa mano, ndipo ntchito yanga yolemba mapulogalamu a kompyuta samaiwerengera kwenikweni. Choncho atadandaula kuti namwino wawo wasasa mawu ndi kuitana odwala, ndinadziguguda pachifuwa kuti zimenezo andisiyire.

Ndinapanga kapulogalamu ka batani limodzi lobiriwira looneka pakompyuta ya namwino. Ukalidina, sipika ya m'chipinda chodikirira inkanena kuti wotsatira alowe. Mawuwo ndinajambula anga omwe, mokhuthala ngati wowerenga nkhani pawailesi.

Pulogalamu imakhala tcheru ndi chilichonse chimene mausi ikuchita, ndipo wolemba ndiye amasankha choti iyankhe. Ine m'malo mosankha kudina, ndinasankha mzere woyandikana nawo, woti pulogalamu iziyankha kamuvi ka mausi kakangofika pabatani. Poyesa kunyumba zinkatheka bwinobwino. Ndinaona ndithu kuti mawu akutsogola chala chisanadine, koma ndinangouza mkazi wanga kuti pulogalamu yanga ndi yachangu.

Tsiku loyamba ndinavala taye n'kuima pakona kudikira kuyamikiridwa. Apongozi anali atawerama pa bambo wina woyasamula, zala zili m'kamwa. Namwino anayamba kupukuta tebulo, akukankhira mausi uku ndi uku.

Mawu anga anaitana, kenako anaitananso. Analowa mayi wotupa tsaya, kumbuyo kwawo mkulu wa ndodo, kenako mzere wonse. Namwino pofuna kuletsa ankagwedeza mausi, ine m'sipika n'kumaitanabe. Bambo woyasamula uja ataona khamu anatseka pakamwa, n'kuluma chala cha apongozi. Ndinathamanga kukazula waya wa sipika, koma ndinazula wa nyale ya pampando.

Apongozi anatulutsa anthuwo mwaulemu, akuuzira chala chawo. Kenako anandiyang'ana.

“Akamwini, anthu onsewa mwaitanawa, mano muwazula ndinu?”

Kukonza kwake kunali kusintha liwu limodzi basi. Chovuta chinali mzere wa odwala umene unasokonekera, aliyense akuti anafika poyamba ndi iye. Apongozi anandituma kukaweruza mlanduwo, ndipo ndinaswera panja ndi taye yanga, ndikupepesa.

Mayi wotupa tsaya aja anandikoka malaya n'kundifunsa ngati ndimagwira ntchito pomwepo. Ndinati ndimangothandiza.

“Mukamuuze woitana m'sipikayo kuti ndi wamwano,” anatero. “Mawu akenso ngoipa.”

Ndinalonjeza kuti uthengawo ufika.