Mafuta a Pamsana pa Gudrun

Aliyense wovina gule wa baleti ku Copenhagen kuno amadziwa lamulo ili asanaphunzire n'komwe kuimira zala za kuphazi: tsiku loti mnzako akunyamule povina, usadzole mafuta. Thupi likatuwa, lituwe. Gudrun, katswiri wa gulu lathu, ndiye ankalalatira atsikana atsopano akangomva kafungo ka mafuta m'chipinda chovalira.

Chaka chimenecho kunabwera anthu odzajambula gule wathu kuti akaonetsedwe m'nyumba za kanema. Atajambula zoyeserera, Gudrun anadziona pachinsalu chachikulu ngati khoma, msana uli mbuu, makwinya onse poyera. Mtima unamupweteka. Kamera ilibe ulemu ndi munthu amene wayamba kukula. Tsiku lojambula zenizeni anadzola pang'ono m'mapewa ndi kumsana, poti diresi lake linali lotsegula kumbuyo. Izi anadzandiuza yekha akulira.

Womunyamula anali Asger, amene anavina naye kuyambira ali achinyamata. Mkulu wa gulu lathu anali atayamba kale kumusakira chifukwa choti amupumitsire, ndipo tonse tinkadziwa. Asger atamukweza Gudrun pamwamba pa mutu, dzanja linaterera. Sanalole kuti mnzakeyo amenyetseke pansi. Anamuwakha, kulemera konse n'kupita pa bondo limodzi la Asger, ndipo tinangomva kuti thyo! Gudrun anatera bwinobwino, wopanda n'kachilonda komwe.

Asger ali chigonere kuseri kwa makatani, mkulu uja anafika atalusa.

"Chachitika n'chiyani, Asger?"

Asger anayang'ana chikhatho chake chomwe chinkanyezimira, n'kuchipukutira pamalaya msangamsanga.

"Manja atha awa, bwana. Ndinagwira molakwika."

Gudrun anali chilili pomwepo. Ankadziwa kuti akaulula za mafuta aja, malo ake m'kanemamo apatsa wina. Gudrun ndimamukonda, koma apa pokha anachita zochititsa manyazi, ndipo mwini wake akudziwa. Kuchipatala anapitako ndi maluwa, anakafika mpaka pachitseko cha Asger, n'kubwerera. Gudrun chakudya chinasiya kumulowa. Asger sanavinenso, ndipo mkulu uja anauza aliyense kuti iye ankaziona kale zimenezi.

Anakonza zojambulanso, Gudrun n'kupatsidwa Troels, wovina wamphamvu zake koma wapakamwa. Tsiku loyamba loyeserera, tonse titatsamira m'mbali mwa magalasi, Troels anamugwira m'chiuno n'kumva kuti akunjenjemera.

"Aa, mukuopa chiyani, achemwali?" anatero mokweza. "Ine sindigwetsa anthu ngati mdala uja. Ameneyo akanapuma kalekale, azikaponyera abakha buledi."

Anthu anafa nacho chiseko. Mkulu uja naye anaseka, kenako n'kutembenukira kwa Gudrun. Chipinda chonse chinamuyang'ana iye, munthu yekhayo amene akanamuyankhira Asger.

Gudrun anaseka nawo.